Mtedza Wothira Mchere

Sakubva, Umtali
8 Juni 1958

Okondedwa amake Ruby,

Moni wochuluka kwa inu ndi mwana wathu Ruby. Ine kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko ku Linthipe. Amayi anga muwapatse moni, ndiponso malume a Naison.

Wilbert wafika Lachinayi ndi phukusi lanu. Mnzangayu ndi mbala yoseka, amake Ruby. Wanditula kathumba ka mtedza kali pakati, ati zadya ndi mbewa za m'sitima. Ine ndamuuza kuti mbewa zake ndazidziwa, zimavala jekete ndi chipewa. Komabe wotsalawo ndikudya, ndipo ndinene zoona, kuno kulibe wodziwa kukazinga mtedza ngati inu. Mchere wake unalowerera bwino. Ndimatafuna pang'onopang'ono tikamapuma ku shedi ya njanji, anzanga Achimanyika, eni dziko lino, n'kumangondiyang'ana kukamwa. Mfutso nawonso wafika wosanyowa.

Udzu wa denga mumwete msanga, anyamata osaka mbewa asanatenthe tchire. Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale malume atanena chotani. Inu mukudziwa kuti ndinakutengani chitengwa kudzakhala pakati pa abale anga, ndiye mukamangovomera chilichonse adzakudyerani masuku pamutu. Ndatumiza bulangete limodzi ndi diresi ya Ruby. Ngati yakula musaidule, mungoipinda m'munsi. Shuga kuno wakwera moti tiyi tikumwa wongonunkhiza.

Mukadandiona mukadaseka. Mimba yatsogola ngati ya kapitawo, lamba ndaboola bowo lina. Anzanga akuti Abisai walemera. Chodabwitsa n'chakuti manja ndiye akuonda, ndipo matumba a simenti amene ndinkanyamula ndikuimba nyimbo tsopano ndimapumira panjira. Mwina n'chisanu cha kuno, chimatsika m'mapiri ngati chatumidwa.

Mwafunsa kuti amandichapira ndi kundisitira malaya ndani. Nkhani za pachitsime musamazitengere kunyumba. Munthu ali ndi manja ake.

Ine mwamuna wanu,
Abisai

Sakubva, Umtali
29 Juni 1958

Amake Ruby,

Moni. Ine kuno sindili bwino.

Lachiwiri lapitalo m'mawa ndinawerama kuti ndinyamule thumba, mseru n'kundigwira. Ndinkayesa ndisanza phala, koma anali magazi okhaokha, ena akuda ena ofiira, mpaka kunyowetsa nsapato za mnzanga. Ndinadzidzimuka ndili pangolo ya katundu akundikankha. Ku kiliniki ya kuntchito anati ndipite kuchipatala chachikulu, ine ndinakana. Kumeneko amang'amba anthu.

Akuluakulu a kwathu amene ali kuno ku Sakubva anabwera kudzandiona. Anandigwira mimba, anaona mapazi kutupa, anayang'anana. Onse akuti ndi mdulo. Mwambo mukuudziwa, sindikuphunzitsani ine. Mkazi akayenda ndi mwamuna wina, n'kuthira mchere m'chakudya cha mwamuna wake, amamudula. Munthu amatupa, amasanza magazi, akapanda kupeza mankhwala amapita. Anandifunsa kuti ndadya chiyani chamchere masiku ano chimene sindidya masiku onse. Ndinawaonetsa kathumba kaja.

Ine sindikunena kanthu, ndikungofunsa. Zaka zitatu ndili kuno, ndikuswa msana kuti inu muvale. Kodi pamene munkathira mchere mumtedza uja munali bwanji? Bwanji simunaitane Ruby kuti akuthirireni, monga amachitira amayi akakhala kuti sali bwino?

Ndawalembera malume a Naison kuwafotokozera zonse. Akakuitanani mupite, ndipo mukayankhe zoona. Ngati pali dzina mulitchule, kuti apeze mankhwala oyenera ine ndisafe ngati galu kudziko la eni.

Bulangete lija mupatse amayi.

Abisai

Kuchipatala, Umtali
27 Julaye 1958

Amake Ruby,

Moni kwa inu ndi Ruby. Kalatayi ndikulemba chogona, mukhululuke zilembo zokhota.

Magazi aja anabweranso, kuposa poyamba. Ulendo uno sanandifunse maganizo, anangondinyamula. Anandilowetsa paipi ya mphira pamphuno mpaka m'mimba, n'kuipopa ngati chubu cha njinga kuti ipsinje pamene pankatuluka magazipo. Ndinakhala nayo masiku awiri, malovu osamezeka. Anandiikanso magazi a anthu ena, mabotolo anayi. Eni ake sindiwadziwa.

Makalata awiri andipeza pano, ya malume ndi yanu. Malume akuti anakhalitsa bwalo, inu munakana mpaka kugwa pansi ndi kulira, koma iwo anati wakuba savomera. Akuti akubwezani kwanu ku Mitundu pamodzi ndi Ruby, nkhokwe ndi mbuzi zatsala. Zokuthamangitsanizo ine sindinawatume. Ndinangoti akufunseni.

Yanuyo ndawerenga kanayi. Mukuti chichokere ine simunaonepo mwamuna wina, ndipo mtedza uja munakazinga mukuimba chifukwa mumadziwa kuti ndimaukonda. Mtima wanga uli pawiri.

Pano pali wothandiza madokotala, bambo Crispin a ku Ntcheu. Ndiwo amanditanthauzira Chingerezi. Dokotala wake ndi mzungu wamng'ono thupi, wofunsa mafunso ngati wapolisi. Anafunsa ngati ndimamwa kachasu, ndinati ine ndi wa mpingo, ngakhale mowa wamasese sindiudziwa kukoma kwake. Anafunsa kumene ndinakulira, ngati kuli mtsinje, ngati ndinkasambiramo, ngati ndili mwana ndinkakodza magazi. Ndinaseka. Ndani mwa anyamata a ku Linthipe sanakodze magazi? Tinkati ndiko kukula kumeneko. Za mchere sanafunse ngakhale kamodzi. Nditawauza bambo Crispin za mdulo sanaseke, anangoti tidikire zimene aone m'chimbudzi changa chimene atenga kukayeza.

Akuti mitsempha ya kum'mero kwanga yatupa ndipo ndiyo ikuphulika. Dokotalayu akufuna kundilowetsa chitsulo pakamwa kuti akaitseke m'kati momwemo, osang'amba mimba. Akuti njirayi si ambiri amaichita, iye anaiphunzira kwawo. Ndikuopa, amake Ruby. Bambo wa pabedi loyandikana nane akuti bola mpeni, umaona pamene walowera.

Za chakudya musade nkhawa, pali munthu amene amandibweretsera phala. Ndi wachibale wa mnzanga wina.

Ine,
Abisai

Kuchipatala, Umtali
31 Ogasiti 1958

Okondedwa amake Ruby,

Moni wochuluka. Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Mitundu, inu ndi Ruby ndi apongozi anga. Ine ndili moyo, ndipo ndayamba kuyenda ndekha mpaka pakhonde.

Chitsulo chija andilowetsa kawiri tsopano. Ndikufotokozereni, chifukwa ngakhale ine sindinkakhulupirira. Amayamba akugoneka ndi mankhwala onunkhiza. Chitsulocho n'chobowoka ngati bango, kutalika ngati mkono, ndipo kumapeto kwake kuli kanyali. Dokotala amasuzumira m'menemo. Akaona mtsempha wotupa amalowetsa jakisoni wamtali kudzera m'bowomo, n'kubaya mankhwala oti mtsemphawo uume, utsekeke. Palibe mpeni, palibe ulusi. Nditadzuka ndinadzifufuza pamimba ponse kufuna bala, bambo Crispin mpaka anagwira khoma ndi kuseka. Chimene ndinapeza ndi dzino limodzi logwedezeka, ndi pakhosi powawa ngati ndameza chitsononkho. Satha kubaya yonse tsiku limodzi, ndiye ndizibwerabwera mpaka ithe.

Tsopano nkhani imene ndalemberayi. Bambo Crispin ananditengera ku chipinda choyezera, n'kundiuza kuti ndiike diso pamakina okuzira tinthu tating'ono. Ndinaona timazira, kalikonse kali ndi kaminga m'mbali. Anati amenewo atuluka m'thupi mwanga. Ndi likodzo, lamtundu umene umakhala m'matumbo. Tizilombo take timachokera munkhono za m'madzi, timalowa pakhungu munthu akamasamba kapena kuwedza. Timazirato takhala tikuunjikana m'chiwindi changa zaka ndi zaka mpaka chiwindicho chauma. Magazi ochokera m'matumbo amayenera kudutsa m'chiwindi, ndiye poti njira yatsekeka amabwerera. N'chifukwa chake kapamba wakula ndi mimba yadzaza madzi. Ena amakakamira m'timitsempha ta kum'mero mpaka kutiphulitsa. Zili ngati kudimba kwathu kuja mukatseka ngalande, madzi amakagumula mzere pena.

Ndinafunsa ngati mchere ungachititse zimenezi. Dokotala anayankha ndipo bambo Crispin anatanthauzira mawu ndi mawu, akundiyang'ana m'maso.

"Akuti matenda anuwa anayamba muli kamnyamata kosavala. Akazi anuwo n'kuti musanawaone n'komwe."

Manyazi anandigwira, amake Ruby, moti ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndinakulakwirani. Simunandidule inu. Ndawalembera malume kuti si mdulo, apite ndi nkhuku kwa ankhoswe anu akapepese, akutengeni. Mukabwerera muyambe kusosa munda wa kumtunda, mvula isakupezeni. Ruby musamulole kusewera m'madzi odikha a kudambo.

Mundiyankhe, chonde.

Ine mwamuna wanu,
Abisai

Sakubva, Umtali
5 Okutobala 1958

Amake Ruby,

Moni. Kaya muli bwanji, poti kalata yanu sindinaione. Ine anditulutsa m'chipatala. Kunjanji andichotsa konyamula matumba, andipatsa tsache. Chitsulo andilowetsa kachitatu sabata yatha.

Malume andiyankha. Akana kupita kwanu. Akuti mzungu angadziwe za nkhono koma za mdulo sazidziwa. Akuti ngati tizilomboto tinalimo kuyambira ubwana, tinkadikira chiyani zaka zonsezi mpaka tsiku la mtedza? Akuti munthu sadulidwa ndi mphepo, alipo anathira mcherewo, ndipo ngati si inu ndiwatchulire wina.

Mkazi wa Wilbert walembera mwamuna wake zimene zikukuchitikirani. Akuti akuimitsani mgonero kutchalitchi. Akuti pamaliro a azakhali anu amayi a m'mudzimo anakulandani chipande pamaso pa anthu, ati mungadule mudzi wonse. Akuti Ruby anzake amamufunsa kuti bambo ake enieni ndani. Wilbert atandiwerengera anapinda kalatayo, n'kundifunsa kuti ndikhala chete mpaka liti. Iye zonse amazidziwa.

Ndiye imvani, ndipo mukhale pansi. Kuno ndakhala ndi mkazi zaka ziwiri. Dzina lake ndi Edna, kwawo ndi ku Imbeza, kufupi ndi kuno. Kuno amati mapoto, kukhalira limodzi popanda ankhoswe. Ndiye ankandichapira malaya amene munafunsa aja. Ndiye ankabwera ndi phala kuchipatala, si wachibale wa munthu aliyense. Ndiye ankandithirira mchere m'ndiwo tsiku lililonse.

Tsiku limene akuluakulu anati ndi mdulo, mmodzi wa iwo ananditengera pambali. Anati nkhaniyi ili pawiri, mwina yachokera kumudzi, mwina yachokera m'nyumba mwanga momwemo chifukwa cha mayendedwe anga. Anati ndiganize bwino ndisanalembe kalata. Ine ndinaganiza. Ndinaona kuti ndikatchula Edna, amayi amva, mpingo umva, inu mumva. Ndikatchula mtedza, palibe andifunse kanthu. Ndinasankha mtedza. Sindinganame kuti ndinasokonezeka ndi matenda, mutu unali bwinobwino. Mumtima ndinkadziwa kuti inu simungachite zotero, ndipo ndinkati mungolira pang'ono nkhani n'kutha.

Ngakhale mu Ogasiti muja, pamene ndinkakufotokozerani za chitsulo ndi nkhono, ndinkasangalala kuti dokotala wandipezera pothawira. Ndinkati likodzo likuyeretsani inu, ine n'kutsala wobisika.

Edna sankadziwa zimene ndinalembera malume. Wamva kwa Wilbert. Sanakalipe. Anamanga katundu wake, ataima pakhomo anati, "Ngati wanamizira mkazi amene anakuberekera mwana, ine udzandinamizira chiyani?" Wapita kwawo. Nayenso ndinamulakwira, anandisamalira pamene ndinkanunkha magazi.

Lero lomwe ndalembera malume zonsezi, dzina ndi zaka zomwe. Sindikupempha kuti mundikhululukire. Ndilibe nkhope yopemphera.

Abisai

Sakubva, Umtali
16 Novembala 1958

Amake Ruby,

Moni kwa inu ndi Ruby. Ine ndikuyenda, ndikudya zofewa.

Kalata yanu yafika. Nditaona zilembo zanu pa envulopu ndinakhala nayo m'thumba tsiku lonse, kuopa kutsegula. M'katimo munalibe moni, munalibe dzina. Munangoti, "Bwerani mudzanene ndi pakamwa panu."

Mwanena zoona. Malume kalata ija sanaiwerengere munthu aliyense, ngakhale amayi. Andiyankha kuti wodwala amabwebweta, ndipo ine ndikudzipaka matope dala kuti ndipulumutse mkazi. Akuti pepala siliyankha mafunso pabwalo. Ine ndikuona kuti akuopa manyazi awo, poti anagamula mlandu ndi iwo. Koma sindingawanene, anagamula zimene ndinawapatsa ine.

Ndinapita kuchipatala kukawauza kuti ndikupita kumudzi. Dokotala anakwiya mpaka kufiira makutu. Akuti chitsulo chatsala kawiri, mitsempha ina sinaume, ndipo ngakhale itauma ina imatha kutupa, chifukwa chiwindi sichibwerera mwakale. Akuti munthu ngati ine ayenera kukhala pamene galimoto ingamufikitse kwa iye msanga. Kwathu kulibe chitsulo chotere, ndipo ikakaphulika ndili kumudzi palibe adzaitseke. Anati ndidikire mpaka Febuluwale. Bambo Crispin anandiperekeza mpaka pageti akundinyengerera. Ndinawafunsa ngati iwo angalole mlongo wawo kukhala miyezi ina itatu akulandidwa chipande pamaliro. Anangondilembera pepala loti ndikaonetse kuchipatala cha kwathu, n'kundiuza kuti ndisadye zolimba, ndisanyamule katundu.

Ndikuopa, sindibisa. Ndikamva ngati muli magazi m'kamwa ndimaima n'kulavula m'dzanja kuti ndione mtundu wake. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu mwadikira kuyambira Juni pa mlandu umene si wanu.

Tchuthi andipatsa cha mwezi umodzi. Ndikwera sitima Lachisanu pa 28, kudzera ku Dondo. Wilbert akubwera nane, kuti andigwire panjira ndiponso kuti akachitire umboni za Edna. Tikafika ku Limbe tidzakwera basi, ndipo Mulungu akalola Lachiwiri tidzakhala tili ku Mitundu. Sindiyamba ndapita kwathu. Malume ndawatumizira uthenga kuti andipeze kwanu, akafuna abwere, akapanda kufuna ndidzanena iwo kulibe.

Musandiphikire, musandichingamire kumsewu, ndipo Ruby musamuuze kuti athamangire bambo ake. Ndidzagona kwa achibale a Wilbert. Inu muitane ankhoswe anu, akulu a mpingo, ndi amayi onse a m'mudzimo, osasiya ngakhale mmodzi. Muwauze akhale pafupi, chifukwa mawu anga sakwera ngati kale. Ndidzaimirira ndekha, ndidzanena kuti ndinanama, ndinanama ndikudziwa, ndipo aliyense wofuna kufunsa adzafunse mpaka atope.

Ndikatha kunena, chochita nane mudzaone nokha.

Ine,
Abisai